Majezi Amene Ndinakana Kuviika

Ine mpira sindinaukondepo. Kuno ku Bangwe bwalo lili kuseri kwa msika, pamtetete pamene fumbi lake limafika mpaka m'mbale zathu, ndipo zaka zonse zimene ndakhala kuno ndinkangolilambalala popita kumpopi. Phokoso la Lamulungu masana ndinkalimva ngati mmene munthu amamvera chigayo cha eni ake. Koma mpira womwewo unadzalowa m'nyumba mwanga, ndipo unalowera m'beseni lochapira.

Mwana wanga wotsiriza, bambo wamkulu ndithu wa ana ake, ntchito inamuthera kufakitale ina ku Limbe. Poyamba ankalawirira kukaima pamageti a makampani. Kenako anayamba kumangofika pasiteji ya minibasi n'kubwerera. Kenako ngakhale pasitejipo sankafika, njira yake inkakhotera kumunsi, kwa mayi wina wotcheza kachasu m'mbali mwa mtsinje. Mpongozi wanga anapirira mpaka pamene mtima wake unalekezera, tsiku lina anamanga katundu, natenga ana, ulendo kwawo ku Mulanje. Sindinamunene. Ndikanakhala ine ndikanapita kalekale. Mwana wangayo anasiya nyumba ya lendi n'kubwerera kwa ine, m'kachipinda komwe anakuliramo, mapazi akutulukira kunja kwa mphasa.

Ndinapemphera. Lachinayi lililonse, pamsonkhano wa amayi kutchalitchi, dzina lake linkatchulidwa mpaka anzanga anafika politchula okha ine ndisanatsegule pakamwa. Ndinkayembekeza kuti yankho lidzabwera ndi abusa, kapena ndi matenda oti amuopseze, kapena ndi ntchito yatsopano. Amene anabwera ndi bambo wina wowotcherera zitsulo pafupi ndi msika, wamaso ofiira ndi moto wa ntchito yake, amene anyamata a timu ya m'dera lathu amamutcha akochi.

"Masteni," anatero ataima pakhonde, "goloboyi wathu wapita ku Joni. Tabwera kudzabwereka mwana wanuyu. Kusukulu ankagwira ngati nyani."

"Mubwereka chiyani apa? Munthu woti kapu ya tiyi imamugwedera m'manja, agwira mpira?"

"Manja saiwala, masteni. Ife tingomuchotsa utsi m'chifuwamu."

Anamutenga tsiku lomwelo, ali ndi matsire. Anabwerako atasupuka zigongono, akusanza, akutukwana. Lachisanu anapitanso. Akochiwo anali ndi lamulo lawo: wonunkha mowa sankaponda pabwalo, kaya ndi katswiri bwanji. Ndiye pulakatisi inali Lachitatu ndi Lachisanu, masewero Lamulungu, ndipo masiku otsalawo munthu ankakhala wotopa, wongofuna chakudya ndi mphasa. Pang'ono ndi pang'ono manja aja analeka kunjenjemera. Anayamba kuthandiza kunyamula zitsulo kwa akochi komweko. Ndinayamba kumumva kuseri kwa nyumba akulankhula pafoni motsitsa mawu, ndipo ndinkadziwa kuti akulankhula ndi a ku Mulanje.

Apo m'pamene ndinaphunzira kuti Ambuye safunsa munthu kuti ndilowere khomo liti. Ine ndinali nditatsegula la kumaso, nditasesa, nditayala nsalu. Iwo analowera kuseri, ndi azibambo aphokoso oimba wezulo.

Choncho akochi atandipempha kuti ndiziwachapira majezi a timu, ndinavomera asanamalize kulankhula. Ndinaona ngati ndi kachopereka kanga. Lolemba lililonse jumbo lalikulu linkafika pakhomo, lonunkha thukuta ndi katondo, ine n'kutenga beseni, sopo, ndi kampando kanga. Manambala akumsana aja sindiwawerenga, kusukulu sindinapiteko, koma jezi iliyonse inkandiuza za mwini wake. Ina inali yotanuka khosi nthawi zonse, ndiye kuti mwini wake amamukoka akamathawa ndi mpira. Ina yofiira kumsana, wokonda kugwa chagada. Ya mwana wanga inali ya manja aatali, yakuda m'nthitimu ndi m'zigongono, nthawi zina ndi timadontho ta magazi, chifukwa bwalo lathu ndi miyala yokhayokha ndipo goloboyi amadziponya pomwepo. Zina zinkabwera zikununkhirabe sopo wa sabata yatha. Zimenezo zinali za amene anakhala pabenchi osalowa. Ndinkazichapa limodzi ndi zinzake, kuti eni ake asachite manyazi.

Manja akamatikita, mutu umayenda. Ndinkaganiza za ife amayi a kutchalitchi, mmene timayang'anirana mabulauzi Lachinayi kuti yoyera kwambiri ndi ya ndani. Koma amene amatichapa ife amatidziwira pamene timadera. Amadziwa kuti uyu amagwera mbali iyi, uyu khosi lake n'lotanuka chifukwa cha zomukoka. Ndipo Lolemba likafika sanena kuti, iwe, dothi lomweli ndinakuchotsa sabata yatha. Amangothira madzi m'beseni. Ndinkaimba ndikuyanika, anthu odutsa n'kumati agogo asanduka sapota.

Ndiye wamalonda wina anaika chikho choti matimu a ku Ndirande, Zingwangwa, Machinjiri, Chilomoni ndi kwathu kuno alimbirane. Timu yathu inayenda bwino mpaka inafika pamasewero oti wopambana akalowe mu fayinolo. Okumana nawo anali timu ina ya ku Ndirande, pabwalo la mpanda ku Chilomoni. Kumpopi, pamsika, m'minibasi, nkhani inali imodzi: anthu amenewo ndi okhwima. Akuti mpira ukalunjika pagolo lawo umakhota wokha. Akuti goloboyi wa anzawo amaona mipira iwiri, n'kudumphira wabodza.

Lachinayi la sabata imeneyo ndikuchokera kumapemphero, ndidakali m'zoyera, duku kumutu, ndinapeza akochi atakhala pakhonde panga. Pambali pawo panali kajumbo kakuda. Anatulutsamo botolo la madzi abii, mkati mukuyandama timizu.

"Masteni, majezi muwachapenso Loweruka, ndipo madzi otsiriza otsukuluzira muthiremo ichi. Muviike jezi iliyonse, osafinya kwambiri. Muyanike m'nyumba, osati panja."

"N'chiyani chimenechi?"

"N'cha adokotala a timu."

"Timu yanu ili ndi dokotala? Wa chipatala chiti?"

Anaseka, akukanda m'mutu. "Aa, masteni, mukudziwa. Si zopweteka munthu ayi. N'zongotchinga. Anzathuwo akubwera ndi zawo, ife tipite chimanjamanja?"

"Nanga osathira nokha bwanji? Manja muli nawo, beseni ndikubwerekani."

Apo anayang'ana pansi. "Ife ndife otentha, masteni. Tili ndi akazi kunyumba. Mankhwalawa akagwiridwa ndi munthu wotentha amasukuluka. Amafuna munthu wozizira, mayi wamkulu amene anatsazikana nazo zonsezo. Paja n'chifukwa chake majezi tinawabweretsa kwa inu kuyambira pachiyambi, kuti tsiku ngati ili likadzafika tisadzavutike."

Ndinakhala pansi pasitepe. Zimenezi si zachilendo kwa ine. Makolo anga anachokera kutsidya, ku Mozambiki, ndipo ndinakula ndikudziwa kuti pali masiku amene mayi sathira mchere m'ndiwo, pali zinthu zimene amagwira ndi kamwana kapena nkhalamba basi. Ndinazisiya pamene ndinabatizidwa, ndili kale ndi mwana kumsana, ndikudziwa chimene ndikusiya. Koma chimene chinandilasa si botolo lija. Ine ndinkaimba pachingwe ndikuyesa ndikutumikira, pamene anthu ankandiona ngati mtsuko wozizira wosungiramo zinthu zawo.

"Sindingathe," ndinatero.

"Ganizani bwino, masteni. Woyamba kulodzedwa pabwalo ndi goloboyi. Mukakana, ine sindingamuike pagolo mwana wanu. Anyamata sangalole, adzati amake atitsekera mwayi. Ndipo alipo kamnyamata kena, kakungodikira magolovesi amenewo."

Ananyamuka, botolo analisiya pakhonde.

Kuyambira pamenepo sindinakhazikike. Botolo lija ndinalichotsa pakhonde kuti anthu asalione, n'kuliika kuseri kwa nyumba. Ndinaganiza za ana a aneba, ndinalichotsanso n'kuliika m'khola la nkhuku. Nkhuku zinayamba kulijompha, ndinalikweza padenga la bafa. M'nyumba mokha sindinafune kuti lilowe. Ndinasesa pabwalo posesa kale. Ndinanyamula ndowa kupita kumpopi, ndili pamzere n'kuona kuti ndowayo ndi yodzaza. Ndikakhala, ndiime. Ndikaima, ndiyende. Ndikayenda, ndibwerere kukaona ngati botolo lilipo, ngati kuti lingamere miyendo n'kundichotsera mlandu.

Lachisanu m'mawa ndinapita kwa mnzanga wa kutchalitchi, wogulitsa tomato pamsika, mayi woti sasowa chonena. Anamvetsera akupanga milu.

"Achemwali, mukuondera zimenezi? Katayeni m'chimbudzi. Muphike tiyi wopanda mkaka, muthire m'botolomo, muviike majeziwo akochi akuona. Adziwa ndani?"

"Ndiye akakawina azikathokoza sing'anga ndi tiyi wanga?"

"Athokoze ngakhale masamba a ku Thyolo, bola mwana ali pagolo. Mulungu amaona mtima, sayang'ana m'beseni."

Ndinaseka, ndipo ndisaname, nzeru imeneyo inanditsatira mpaka kunyumba. Inali yokoma. Palibe akanapwetekedwa. Koma ndikaiyang'ana uku ndi uku, ndinkaona mwana wanga ataima pagolo paja, mtima uli m'malo chifukwa akukhulupirira kuti jezi yake yaviikidwa. Ndipo masewero otsatira akochi akanabweranso ndi botolo lina, ine n'kuphikanso tiyi, bodza n'kumakula ngati dzungu. Botolo ndi limene linamugwetsa mwana ameneyu. Sindinafune kuti aimirire atatsamira botolo lina, ngakhale la tiyi.

Madzulo ake mwana wanga anabwera kuchokera kupulakatisi, fumbi mpaka m'nsidze. Sanasambe. Anakhala pamwala uja timatsukirapo mbale, magolovesi ali m'manja.

"Amayi, akochi andiuza."

"Akuuza."

"Ndi madzi chabe aja."

"Ngati ndi madzi chabe, a kumpopi akwanira."

"Inu musandiseke. Inu pempherani zanu, ife tipange zathu, tonse tikufuna chinthu chimodzi. Kodi Mulungu angakwiye chifukwa cha jezi?"

Anatembenuza magolovesi aja, ong'ambika m'zala, amene ndinawasoka ndekha kangapo konse.

"Amayi, ine ndikachoka pagolo paja ndilibe pena poima. Mukudziwa kumene ndingapite. Ana ndinawauza kuti tikalowa fayinolo ndidzawatenga adzaonere. Mayi awo avomera."

Mawu amenewo anandikhala pachifuwa ngati thumba la simenti. Akanakalipa zikanandipepukira. Koma ankalankhula ngati mmene ankalankhulira ali wamng'ono akamapempha kuti ndisamusiye yekha kuchipatala. Ndinalowa m'nyumba, ndinagwada pafupi ndi bedi, koma limene linatuluka silinali pemphero labwino la Lachinayi. Kunali kukangana. Ndinati, Ambuye, mpira umenewu munaubweretsa ndinu, ine sindinaupemphe. Mwamudzutsa nawo mwana wanga. Lero mpira womwewo ukundipempha chimene munandiletsa. Ndiye mukufuna ndigwire chiti, nditaye chiti? Ndinadikira. Sindinamve mawu, sindinalote loto. Nkhuku zinkangolowa m'khola, aneba akukangana za makala. Chimene ndinali nacho ndi chomwe ndinali nacho kale: ndinkadziwa chimene sindingachite, koma chimene chidzatsatire sindinkachidziwa.

Loweruka ndinachapa majezi ndi sopo, ndinatsukuluza ndi madzi a kumpopi, n'kuwayanika panja, pachingwe cha kumsewu, aliyense wodutsa akuona. Kenako ndinatsitsa botolo lija padenga la bafa, ndinalikulunga m'kajumbo kake, ulendo kumsika. Akochi anali atawerama pachitseko chachitsulo, moto ukuthetheka. Atandiona anazimitsa makina, nakweza magalasi akuda aja pamphumi.

"Akochi, katundu wanu uyu. Majezi ndachapa, ali pachingwe. Sindinaviike, ndipo ndati ndikuuzeni ndekha kuti musaganize kuti ndaviika."

Analandira kajumboko mosakalipa. "Masteni, mwamupweteka mwana wanu."

"Mwina ndamupweteka."

Majezi anadzawatenga adakali achinyezi. Ndinamva kuti anapita nawo kwa gogo wina ku Namiyango. Nkhalamba zozizira sizisowa m'tauni muno.

Lamulungu mwana wanga anatuluka osanditsazika, anakakwera lole ya timu. Ine m'tchalitchi ndinakhalamo ndi thupi lokha. Nyimbo ndinkayamba ndime imene anzanga amaliza. Titangotuluka, m'malo molowera kunyumba ndinapezeka ndili pasiteji. Minibasi mpaka ku Limbe, ina mpaka m'tauni, ina ya ku Chilomoni, kondakitala akundipanikiza ndi thumba la kabichi la munthu wina. Moyo wanga wonse ndinali ndisanalowepo m'bwalo la mpira.

Ndinafika matimu akufika kumene. Ndiye ndinaona zodabwitsa. Geti lili chitsegukire, koma osewera onse, athu ndi a ku Ndirande omwe, akukwera mpanda wa njerwa, wina uku wina uko, azibambo andevu akukankhana matako, wina kabudula anakodwa pawaya. Akuti pageti pamakwiriridwa zinthu, ukapondapo miyendo imalemera. Ine ndinalunjika pageti. Mlonda wake anandiyang'ana kuyambira kuduku mpaka kumapazi.

"Agogo, inu ndiye mwakhwima zenizeni. Mukulowera pompano?"

"Mawondo ndi amene akana mpanda, mwanangu."

"Lowani, mwina mutiphwanyire zimene zili pansipa."

Ndinakakhala pamulu wa dothi, moyang'anana ndi benchi ya timu yathu. Mwana wanga anali pamenepo, kumapeto, atavala malaya ake a kunyumba. Jezi ya manja aatali ija, imene ndinkaidziwa m'nthiti ndi m'zigongono, inali pathupi la kamnyamata kowonda, kakudumphadumpha pagolo.

Oimbira asanaimbe wezulo, matimu onse awiri anapanga mabwalo, nagwada, nakolekana manja m'mapewa, n'kuyamba kupemphera. Athu, amene ndinkadziwa chimene majezi awo anyowa nacho. A ku Ndirande, ena masokosi atatupa ndi timfundo ta mankhwala. Onse maso otseka, onse akupempha chinthu chimodzi chimene sichingaperekedwe kwa onse. Ndinafuna kuseka, koma ndinakumbukira kuti nanenso ndinalowapo m'tchalitchi ndi nkhawa zanga zobisika m'sokosi, pakamwa ndikuti ndadalira Inu nokha. Ndinayesa kupemphera nanenso. Kuti tiwine? Ndiye kuti botolo lawina. Kuti tiluze? Pakamwa panga panatsala pang'ono kutuluka pemphero loti kamnyamata kaja kaphonye mpira, anthu aone. Ndinalimeza. Nakonso kali ndi amake. Ndinangoti, Ambuye, uyo ali pabenchiyo.

Za mpirawo musandifunse zambiri. Anthu ankakuwa ine osadziwa chifukwa, oimbira ankaimitsa ine osaona cholakwa. Maso anga anali pabenchi. Mpira ukamapita kugolo lathu, thupi la mwana wanga linkapendekera lokha, manja akutambasuka, ngati akugwira ali chikhalire. Kangapo anaimirira n'kumakuwira kamnyamata kaja kuti tuluka, bwerera, tseka uku. Kamnyamatako kankamumvera. Palibe wina ankamuyang'ana munthu wa pabenchiyo, khamu lonse lija maso anali kumene kuli mpira. Ndinaganiza kuti kumwamba mwina sikuonera mpira ngati mmene timaonera ife. Mwina kuli diso limene limakhala kumapeto kwa benchi masewero onse.

Chakumapeto athu anagoletsa. Bwalo linagwedezeka, anthu anathamangira mkati, fumbi koboo. Ine ndinayang'ana goloboyi wa ku Ndirande, wokhwima uja. Anagona kaye chafufumimba. Anzake anamufulatira, aliyense akuloza mnzake. Kenako anadzuka yekha, nalowa mu ukonde, natola mpira umene wamuchititsa manyazi, nauponya pakati. Oimbira anaimba wezulo, masewero anayambiranso. Ndinali ndisanadziwe kuti zimatero. Ndinkayesa chigoli chikalowa ndiye kuti zatha.

Timu yathu inawina. Kamnyamata kaja anakanyamula m'mapewa. Masapota ankaimba nyimbo yotamanda adokotala a timu, ndipo bambo wina wa kwathu, atandizindikira, anandiwerama kukhutu.

"Mwaona, agogo? Zinthuzi zimagwira. Mukanatiphetsa inu."

Pansi pa mtima ndinkayembekeza kuti Ambuye andiikira kumbuyo pamaso pa anthu, kuti aliyense aone kuti gogo uja ananena zoona. Sanatero. Ndinatuluka pageti lomwe lija ndili gogo amene anachotsetsa mwana wake pagolo popanda phindu. Ndipo m'minibasi pobwerera, nditapanikizika pakati pa anthu oimba, ndinamvetsa chinthu chimene sindinachikonde: kumvera si kubetcha, koti ukaika lero madzulo ukatenge zako. Umamvera, n'kukwera minibasi, n'kupita kunyumba.

Palole ya timu mwana wanga sanakwere. Pakhomo sanagone.

Lolemba kutacha ndinayang'ana m'kachipinda kake, mphasa ili chipindire. Sindinafunse munthu. Ndinamanga chitenje, ndinatsetsereka njira ya kumtsinje, kumene ndinali ndisanapondeko ngakhale nthawi imene ankakhalitsa kumeneko. Fungo linandilandira ndisanafike. Kuseri kwa mpanda wa mapesi kunali migolo pamoto, azibambo angapo pamabenchi, ndi mayi wotcheza uja akupukuta timabotolo. Mwana wanga anali atatsamira mtengo wa mapeyala, maso ofiira, magolovesi akutulukira m'thumba la buluku.

"Amayi a kutchalitchi atipeza," anatero mayi uja. "Tikuthireni kakang'ono, kochotsa chisanu?"

"Ndipatseni pokhala basi."

Anandikankhira chigubu, ndinakhala moyang'anana ndi mwana wanga. Bambo wina wopanda mano akutsogolo anavula chipewa. "Tiyambe ndi nyimbo iti, amayi?" Anzake anaseka, koma kuseka kwake kunali kofupika.

"Amayi, pitani kunyumba," anatero mwana wanga, osandiyang'ana.

"Ndipita ukanyamuka."

"Mwandichotsa pagolo. Mukufunanso chiyani?"

"Ndakuchotsa, sindikukana. Ndipo akabweranso nalo botolo lija ndidzakananso. Koma pano sindichoka."

"Ana ndiwauza chiyani?"

"Uwauza uli bwinobwino. Osati ndi pakamwa pamenepo."

Anatembenukira kumtengo. Ine ndinakhala. Sindinalalikire, sindinaimbe, ndinalibe mphamvu zake. Dzuwa linakwera, chigubu chinayamba kundipweteka, ntchentche zikundizungulira. Koma munthu samwa bwino pamaso pa gogo amene anamuonapo ali wosavala. Mmodzi anakumbukira kuti ali ndi ganyu. Wina anati akukaona mbuzi. Obwera kumene ankasuzumira pampanda n'kubwerera. Mayi wotcheza uja anayamba kumenyetsa timabotolo.

"Achimwene," anatero kwa mwana wanga, "tengani amayi anuwa muzipita. Mukundithawitsira makasitomala."

"Ndithireni kaye kena."

"Ndatseka. Mubwere nokha tsiku lina."

"Akabwera ndibweranso," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali mayi ameneyo. "Ndiye musabwere nonse."

Mwana wanga anadzuka mogwira mtengo. Pachitunda chokwera kwathu anasanza, ndinamudikira. Anayenda pang'ono, natsamira paphewa langa, bambo wamkulu wolemera, mawondo anga akulira. Tinali pafupi kufika pamene analankhula.

"Pagolo sandibwezerapo."

"Ndikudziwa."

"Ndiye Lachitatu ndikatani?"

"Sindikudziwa, mwana wanga. Dzulo ndinaona wa ku Ndirande uja atamugoletsa. Anatola yekha mpira mu ukonde, palibe anamuthandiza. Ndi zokhazo zimene ndikudziwa za mpira."

Anapumira m'mwamba, ngati akufuna kuseka. "Munabwera?"

"Ndinalowera pageti."

Lachitatu anapita kupulakatisi, osaitanidwa. Akochi sanamuthamangitse, koma sanamupatsenso jezi. Fayinolo anagwira kamnyamata kaja, ndipo ana a ku Mulanje sanabwere kudzaonera. Mwana wanga anayamba kumakatenga kamnyamatako kuseri kwa golo n'kumakaponyera mipira, pansi, m'mwamba, m'mbali, mpaka onse awiri atuwe. Ndi zimene akuchita mpaka pano. Majezi sabweranso kwa ine, ndipo ena a timu akandiona pamsika amayang'ana tomato.

Sindikuuzani kuti zinatha bwino, chifukwa sizinathe. Wagwaponso chichokere tsiku limenelo, ndipo ndatsetserekanso njira ya kumtsinje, kwa mayi wina, poti otcheza kachasu ndi ambiri. Mpongozi wanga anabwera kudzationa ndi ana, anakhala masiku ochepa, anayang'anitsitsa, nabwerera. Akuti aonabe. Pali masiku amene ndimadzifunsa ngati tiyi uja akanalakwika kwenikweni, ndipo ndimayenda m'nyumba muno uku ndi uku mpaka funsolo litatopa. Ndikagwada, yankho silisintha, koma silindigonetsanso tulo tabwino.

Dzuwa likamapendeka ndimakhala pakhonde, khutu lili kunjira. Mapazi ake ndimawadziwa akadali kwa aneba, ndipo ndimadziwa ngati akuponda pamene akufuna kapena pamene mowa wawatuma. Dzulo anafika kusanade, akuponda bwino, ali ndi njala, akudandaula kuti kamnyamata kaja sikamva. Ndinamupatsa madzi osamba. Za lero sindinadziwebe, dzuwa likadali pamwamba.